A Daka ndi Mboni Yachiwiri

Tawaika a Daka Loweruka lapitali ku Chingwere, ndipo chibwerereni kumandako sindinakhazikike. Ndikakhala pansi ndimaimanso, ndikaima ndimangozindikira ndili pakhomo, maso ali kumene kunali mpopi wakale. Imfa yawo siikundivuta kwenikweni. Anali okalamba, ndipo ankaidikira ngati basi ya ku Chelstone imene umadziwa kuti ifika ngakhale ichedwe. Chikundisowetsa mtendere ndi chimene chinachitika abusa atanena kuti tsopano timve mbiri ya malemu. Tonse tinatembenukira kumutu kwa manda, mbali ya kumanzere, pamene a Daka ankaima zaka zonsezi chipewa chili m'khwapa. Panalibe munthu. Kenaka mphwawo wa ku Woodlands anatulutsa kapepala m'jekete nawerenga kuti anabadwira kwakuti, anagwira ntchito kwakuti, anadwala, amwalira, asiya ana ndi zidzukulu. Munthu amene ananena mbiri ya akufa athu onse anatsikira m'dothi ndi mawu amene akanamukwana wina aliyense.

A Lakisoni Daka sanali m'busa. Ukulu wa mpingo anawasankhirapo, koma anautula chaka chisanathe, pakuti misonkhano ya akulu imafuna munthu wotha kukhala pampando. Iwo sankatha. M'tchalitchi ankakhala benchi ya kumbuyo pafupi ndi chitseko, ndipo ulaliki ukatalika unkawaona ataima, atatsamira khoma. Anabwera kuno kuchokera cha ku Petauke dziko lisanalandire ufulu, nagwira ntchito ya umesenjala pa ofesi ina ya mumsewu wa Cairo, akupalasa njinga kuperekera mauthenga. Ankadziwa geti lililonse la ku Kabulonga ndi galu wake yemwe. Atapuma pantchito matayala a njinga anasowa m'masitolo, monga zinasowera zinthu zambiri, ndipo njingayo anaikoloweka pakhoma. Kuyambira pamenepo ankayenda wapansi, mofulumira, atawerama pang'ono ngati munthu amene wachedwa kwinakwake.

Ntchito imene tinkawadziwa nayo palibe anawapatsa, ndipo sankalandirapo kanthu. Iwo ankaitcha kutola mbiri. Kukamveka kulira kwathu kuno ku Kabwata, amayi tinkalowa m'nyumba ya maliro kukaimba, abambo nkukhala panja. A Daka ankafika, kugwada, kupepesa aferedwa, basi nkunyamuka. Alendo ankadabwa kuti mkuluyu ndi wamwano bwanji. Sankadziwa kuti akupita kumpopi. Masiku amenewo, tikukhala m'nyumba zozungulira zofolera udzu zija, mpopi unali umodzi wa tonse, ndipo a Daka ankaima pakona pa simenti yake osafunsa kanthu. Amayi tinkatunga madzi, ndipo aliyense amene anali ndi kanthu kokhudza womwalirayo ankatula chidebe nkukanena. Akachoka pamenepo ankapita kumene munthuyo ankagwira ntchito, kaya ndi ku khitchini ya ku Kabulonga, kaya ku galaja ya ku Northmead, kaya kumunda wa ku Makeni. Pomaliza ankapita kwa amene ankadana naye. Ankati mnzako amakuona nkhope koma mdani wako amakuona msana, ndipo munthu amaikidwa ndi mbali zonse ziwiri.

Sankalemba. Ankati chimene sungathe kuchisenza m'mutu mpaka kumanda sunachimvetse, usachinene. Akanandiona ndi cholembera ichi akanapukusa mutu nkuti, "Amake Misozi, mwayamba zimenezi?" Koma lamulo lawo lalikulu analitenga m'Malemba, kuti nkhani imakhazikika pa mboni ziwiri. Chabwino kapena choipa, ngati wanena ndi munthu mmodzi yekha, sichinkatuluka pakamwa pawo. Mkazi kapena mwamuna wa womwalirayo sankamuwerengera. Ankati awiriwo ndi thupi limodzi, ndipo munthu sadzichitira yekha umboni. Amasiye ambiri anawakwiyira chifukwa cha zimenezi.

Mawu oti "anali munthu wabwino" ankadana nawo. Ankati ndi bulangete lofunditsa aliyense mpaka nkhope osaoneka. Chaka chatha tinaika amayi Zulu, amene pakamwa pawo panali pakuthwa kuposa lumo. Ana awo anapempha a Daka kuti anene kuti mayi awo anali amtendere. Pamanda a Daka anati, "Amayi awa anali ndi pakamwa. Amene sanalaweko akweze dzanja." Palibe anakweza, ndipo anthu anaseka misozi ili m'maso. Kenaka ananena kuti mayi yemweyo anayamwitsa khanda la mnansi wake amake ali gone m'chipatala, mnansi amene sankalankhulana naye, natchula mboni zake ziwiri. Khandalo linali pomwepo, bambo wandevu, atagwira fosholo. Iye sankadziwa. Anaika fosholo pansi nalira ngati mwana.

Abusa achinyamata atangofika anawanong'oneza tsiku lina, "A Daka, lero mufupikitseko, dzuwali."

"Abusa, munthuyu wakhala moyo wake wonse padzuwa lomweli. Ife tipirireko pang'ono."

Kunyumba nako nkhondo siinkatha. Akazi awo, aNambewe, ankadandaula za nsapato. "Wosoka nsapato wa pamsika akutidziwa kuposa abusa," anatero tsiku lina ine ndilipo. "Amuna anzanu amathera nsapato kwa akazi amoyo, inu kwa anthu akufa."

"Ndiye wosokayo akamwalira sindidzavutika," a Daka anayankha akumanga zingwe. "Mboni imodzi ndili nayo m'nyumba muno."

Koma panali chinthu chimene tinkachiona tonse osachinena. Kwa zaka zambiri, tsiku la Mgonero wa Ambuye, mbale ya mkate ikafika pa a Daka ankailandira ndi manja awiri nkuipatsira woyandikana nawo osatengapo. Chikho chimodzimodzi. Akulu a mpingo sanawaletse, anadziletsa okha. Ankadziwa kuti munthu sayandikira gome limenelo ali ndi kanthu mumtima kotsutsana ndi m'bale wake, ndipo m'bale wakeyo ankakhala tchalitchi chomwecho, benchi ya kutsogolo. Dzina lake a Sakala.

A Sakala atamwalira, zaka zingapo zapitazo, akazi awo anandipempha kuti ndiwaperekeze ku Chelstone kumene a Daka ankakhala. Tinawapeza akuthirira mpiru kuseri kwa kanyumba ka kumbuyo kwa mkamwini wawo. Amayi Sakala anagwada m'matope momwemo.

"Bambo, amuna anga atisiya."

"Ndamva. Pepani."

"Ana akuti ndisabwere kuno. Akuti mukaima pamanda mudzatichititsa manyazi. Koma ine ndikudziwa Kabwata. Mukakhala chete, anthu adzati a Daka anafufuza ndipo sanapeze kanthu. Ndiye kuti amuna anga aikidwa ngati galu, ngakhale kubwere magalimoto a chipani."

A Daka anayang'ana chithini chothirira chimene chinali m'manja mwawo. "Mayi, mukudziwa chimene mukupempha? Ine sindinama pamanda."

"Sindinati muname. Ndati mukafufuze."

ANambewe anali ataima pakhomo manja ali m'chiuno. Analowa m'nyumba, natuluka ndi nsapato, naziponya pamapazi pa amuna awo.

Kuti mumve kulemera kwa pempho limeneli ndibwerere m'mbuyo, ku nthawi imene zipani zina zinaletsedwa nkutsala chimodzi. A Sakala ndiwo anali wapampando wa chipani m'chigawo chathu. Tinkangowatcha a Cheyamani. Anali akwathu kummawa, oimba bwino nyimbo za m'buku, koma mpando unawalowa m'magazi. Anyamata awo ankaima pageti la msika kufunsa makhadi, ndipo wopanda khadi sankagula kapena kugulitsa. Nthawi yomweyo nyumba zathu zozungulira zinali kugwetsedwa kuti pamangidwe mafulati, ndipo mayina a mabanja oti adzalowemo ankadutsa m'manja mwa a Cheyamani. Aliyense ankayenda mosamala ngati wasenza mazira.

Ndipo kunamwalira a Hamoonga, kalipentala wa kumapeto kwa mzere wathu. Iwo anali a chipani china chisanaletsedwe. Anatengedwapo ndi boma, nabwerako atawonda, ndipo khadi sanagule mpaka imfa. A Cheyamani anayenda khomo ndi khomo kuti abambo asapite kumaliroko. Sanaopseze munthu. Ankangonena kuti boma lili ndi maso, ndipo nyumba zatsopano ndi zochepa. Amayi angapo tinalowera kuseri kukaimba, pakuti akazi sankatiwerengera, nyumba zinali m'mayina a amuna. Koma panja pamene pankayenera kukhala abambo panali mabenchi okhaokha.

A Daka anatola mbiri monga mwa masiku onse. Anaima pampopi, amayi nkumatunga maso ali pansi. Kumanda tinali ochepa moti onyamula bokosi analibe owalandira. Patali, pansi pa mtengo, panaima anyamata a chipani. A Daka anaima kumutu kwa manda nalankhula mokweza ngati pali khamu. Anati za zipani sadziwa, woweruza ndi Mulungu. Chimene akudziwa nchakuti ku Kabwata kulibe banja limene wakufa wake sanagone m'matabwa opalidwa ndi manja awa. Anayamba kutchula mmodzimmodzi, akuloza mizere ya manda. Ana a uje, bambo a uje, mkazi wa uje. Kenaka analoza cha kumunsi nati, "Ndi amayi awo a Sakala, a Cheyamani athu, agona apo. Bokosi lawo analikhoma ndi munthu uyu, ndipo anapala kawiri chifukwa mwana wawo anati thabwa likukanda. Mboni zanga lero sindinabwere nazo. Zagona pompano."

Mayina a olowa m'mafulati atatuluka, la a Daka panalibe. Anapita kukafunsa, chipewa m'khwapa. A Sakala anali pakhonde ndi anyamata awo.

"A Daka, nyumba ndi za anthu amoyo," anatero. "Inu anzanu ndi akufa. Pitani ku Chingwere akakupatseni malo."

Anyamata anaseka. A Daka anavala chipewa nabwerera. Anasamuka tsiku la mvula yaikulu, pa lole yobwereka, aNambewe ali kutsogolo ndi dalaivala, iwo ali pamwamba pa katundu atagwirira tenti kuti matiresi asanyowe. Ife tinali m'nyumba, mvula inatiletsa ngakhale kuwatsazika bwino. Kuyambira Mgonero wotsatira, mbale inayamba kuwadutsa.

Ku Kabwata sanasiye kubwera. Kukamveka maliro, m'mawa mwake unkawapeza pasimenti ya mpopi fumbi la msewu wa kummawa lili m'miyendo, ngakhale mpopiwo anali atauzula chifukwa mafulati ali ndi madzi ake. Dzina la a Sakala sankalitchula. Akakumana pakhomo la tchalitchi, wina ankayang'ana kumwamba wina pansi. Ine ndinkawapempherera onse awiri, koma kunena zoona sindinkaona kumene Ambuye adzalowere.

Ndiye tsopano a Daka, atavala nsapato zimene aNambewe anawaponyera, anayamba kufufuza munthu amene anawachotsa m'nyumba. A Sakala anali atachotsedwa pampando kalekale, ndipo anthu sankaopanso kulankhula. Pasimenti paja amayi anachita kulimbirana. Wina anati anamubweza pamzere wa ufa mwana ali kumsana. Wina anati anamutchula hule pamsonkhano. Zoipa zinali ndi mboni zosefukira. A Daka anapita ku Northmead ku sitolo imene malemu anagwirako ntchito ali mnyamata, kumeneko anangoti ankafika nthawi yake. Anapita ku Makeni kwa mng'ono wawo, amene anayankha kuti, "Achimwene anali achimwene," nayamba kukamba za mvula. Mwana wamkulu wa malemu anawatsekereza panjira.

"Ba Daka, tipempha chabe, osakamba vambili. Mudala anayenda kale. Musiyeni."

"Iwe, ndikanafuna kumusiya ndikanakhala ku Chelstone ndikuthirira mpiru."

Madzulo a tsiku loti mawa tiika, ndinawapeza a Daka pamsika ndikugula zophikira anthu a pamaliro. Nkhope yawo inali yotuwa. Anandiuza kuti chabwino chimene apeza ndi chakuti malemu ankaimba bwino, ndipo munthu sungamuike ndi mawu a pakhosi okha. Tili chilankhulire anatiitana bana Chanda, ndiko kuti amake Chanda, mayi wa Chibemba wogulitsa matimati, amene aliyense amadziwa kuti anyamata a Cheyamani anamutayira katundu wake pansi.

"Shani, ba Daka? Musakila vabwino va ba Cheyamani? Muzalema, imwe!"

"Ndalema kale, mayi. Zanu ndikuzidziwa, za matimati."

"Dishi yonse, pansi, chifukwa cha khadi! Uja muntu nimuzonda mpaka lelo, olo afe kawili." Anatola tomato wofewa namuponya m'dengu lina. Kenaka analoza ndi chibwano mtsikana amene ankayeza kapenta pambali pake, khanda lili kumsana. "Koma uyu Chanda muona apa, ni yeve anamuchosa mu chimugodi."

A Daka anafunsa kuti dzenje lake liti. Bana Chanda anafotokoza kuti pamene ankakumba maziko a mafulati panatsala dzenje lalikulu losatchinga, ndipo tsiku lina la mvula linadzaza madzi. Chanda, ali kamwana koyamba kumene kuyenda, anatuluka m'nyumba amake osaona. Pamene ankathamanga kumufuna anaona a Cheyamani, atavala suti yawo ya kumisonkhano, akudumphira m'madzi amatope ofika pachifuwa. Anamutulutsa mwanayo, namuzondotsa mpaka analavula madzi nalira.

"Manje ananiuza ati, iwe, ukakamba kuli bantu uzaona. Chifukwa chija chimugodi ni beve benze kufunika kuchivala na waya, kuchitchinga, sibanachite. Nakhala chabe zii zaka zonse izi. Manje afa, azanichita chani?"

"Mboni ina ilipo?" a Daka anafunsa. Mawu awo anali atatsika.

"Mboni ya kuti? Mvula ija munthu angachoke panja? Chanda sakumbuka. Kunalibe muntu, kunapita chabe chimotoka china cha katundu, bantu benze kukuka."

Ine sindinamve kanthu m'mawu amenewo a galimoto ya anthu osamuka. Koma a Daka anayang'ana uku ndi uku, napeza bokosi la matimati lopanda kanthu, nakhalapo. Pa zaka zonse zimene ndinawadziwa sindinawaonepo atakhala pansi ali pakati potola mbiri. Anavula chipewa nachizunguza m'manja. Bana Chanda anaganiza kuti akomoka, natuma Chanda madzi.

"A Daka, mwatani?" ndinafunsa.

"Amake Misozi, Mulungu ndi wovuta kuchita naye," anatero. Anamwa madziwo, nanyamuka, ndipo ndinawaona akuzungulira mafulati mbali imene kunali dzenje lija, kupita ndi kubwerera, mpaka ine ndinatopa kuwayang'ana.

Kumanda kunadzaza, ambiri atabwera kudzamva mmene a Daka adzabwezere. Mkulu wina wa chipani anawerenga maudindo a malemu. Kenaka abusa anayang'ana kumanzere kwa mutu wa manda. Ana a malemu anaweramitsa mitu. Amayi Sakala okha ndiwo anawayang'ana a Daka m'maso.

"Munthu uyu anali wouma mtima pampando," anayamba motero. "Anabweza amayi pamzere wa ufa. Anataya malonda a anthu. Analetsa abambo kulira kalipentala amene anakhomera amayi ake bokosi. Ine anandichotsa ku Kabwata. Mboni za zimenezi sindizitchula, mwadzaza pano. Ndanena, ndipo sindidzazinenanso."

Wina kumbuyo anatsokomola.

"Munthu yemweyu analowa m'dzenje la madzi atavala suti, natulutsa mwana amene akanafa. Mwanayo ndi uyo wabereka mwana wake apoyo. Mboni yoyamba ndi bana Chanda." Anaima, nasuntha chipewa kuchoka m'khwapa lina kupita lina. "Yachiwiri ndine. Ndinali pamwamba pa lole tsiku limene ndinkasamuka. Ndinamuona akudumpha, ndinamuona akutuluka ndi mwana m'manja. Ndinakoka tenti nkudziphimba kumaso, pakuti tsiku limenelo sindinkafuna kuti munthu ameneyu akhale ndi chabwino. Ndachisunga zaka zonsezi ngati katundu wakuba. Ndi chake. Ndabweza, apite nacho."

Amayi Sakala anafuula kuti, "Suti ija! Anandiuza kuti anagwa m'ngalande!" ndipo analira kulira kumene sanalire chiyambire maliro. Chanda, amene sankadziwa kuti nkhaniyo ifika pa iye, anapita yekha kukaponya dothi. Bana Chanda anang'ung'udza pambali panga kuti matimati ake sanawaiwale, koma nayenso anatola dothi.

Sindinganene kuti onse anakondwa. Ana a malemu sanawapatse moni a Daka kwa nthawi yaitali chifukwa cha mbali yoyamba ija. Ena amene anazunzidwa ndi a Cheyamani anati a Daka amuyeretsa munthu woipa. Koma Mgonero wotsatira ndinakhala dala benchi ya kumbuyo. Mbale itafika, anaigwira nthawi yaitali moti wotumikira anayamba kutambasula dzanja kuti ailandire. Kenaka anatenga. Nyenyeswa zinagwera pa thalauza. Anazitola imodziimodzi nadya.

Nyumba ya ku Kabwata sanaipezenso. ANambewe anatsogola, ndipo pamaliro awo a Daka anakana kunena mbiri, pakuti thupi limodzi silidzichitira umboni. Anaima chete pamalo awo a masiku onse wina akulankhula, milomo yawo ikuyenda ngati akukonza zimene zikulakwika. Miyendo itayamba kukana ankabwera pa basi, ndipo basi ikasowa ankayamba wapansi mpaka wina awatole panjira. Mwana wawo akuti m'masiku omaliza ankafuna nsapato zikhale pafupi ndi bedi, ndipo ankafunsa aliyense wolowa ngati ku Kabwata kuli bwino, ngati sikunamveke kulira.

Kwamveka dzulo. A Njobvu a m'fulati ya pamwamba pathu, amene ankalondera nyumba ina ku Kabulonga, atisiya. Lero m'mawa ndinatsika kupita pasimenti paja. Ili pakati pa mafulati awiri, yosweka pakona, ndipo pamene panali mpopi patsala kachitsulo kadzimbiri kamene ana amapunthwapo. Udzu wamera kuzungulira, koma pakona ya kummawa pali kadothi kolimba, kokwana mapazi awiri, pamene sunamere. Ndinaona amayi akuchokera kunyumba ya maliro. Aliyense akafika pamenepo ankachepetsa liwiro, kuyang'ana pakonapo, pakamwa patatseguka pang'ono, kenaka nkupitirira ndi chimene anabwera nacho. Mmodzi anaima ndithu, nasintha mwana kumsana, nadikira. A Njobvu tiwaika mawa, ndipo zonse zimene amayiwa akudziwa zibwerera nawo m'makhitchini.

Pakadothi paja sindinapondepo, ndinaima pambali. Zimene ndalemba pano ndinaziona ndi maso anga, Ambuye akudziwa. Koma mwa lamulo la a Daka eni ake sizinakhazikike, pakuti ndine mboni imodzi. Ndikamaliza kuphika nditsikanso, mwina wina adutsa amene anawaona kumsana.